Kodi Mwini Lole Amatsala ndi Zingati?

Mwezi wathawu mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anandipeza pa malo oimika malole ku City Deep, mu Johannesburg, ndili kudikira katundu tsiku lachisanu. Mnyamata ameneyu wagwira ntchito mu mzindawo zaka 6, mowa salawa, ndipo ndalama zake wasunga bwino. Titalonjerana ndi kufunsana za kumudzi, iye anati: "Amalume, ine ndifuna kugula lole yangayanga monga munachitira inu. Ndatopa nako kulemeretsa anthu ena. Ndamva kuti pa ulendo umodzi wokha mumalandira ndalama zimene ine ndimagwirira theka la chaka."

Ine sindinamuyankhe msanga. Ndinakwera m'lole ndi kutulutsa makope atatu akuda ndi mafuta amene amakhala kunsi kwa bedi langa, ndipo tinakhala pa mthunzi wa ngolo kuwerenga manambala kufikira dzuwa litapendeka. Zimene ndinamuonetsa iye ndifuna kukuonetsaninso inu owerenga nyuzi ino, pakuti ndidziwa kuti ambiri a inu amene muli pa ntchito kutali ndi kwanu muli ndi maganizo omwewa. Mukaona lole yaikulu ili kudutsa ndi katundu wofunditsidwa lona, mumati mumtima, "Mwini wake uja ndiye ali pabwino." Sindili kukuletsani kugula lole ayi. Ine ndinagula, ndipo ana anga aphunzira ndi lole yomweyo. Koma ndifuna kuti munthu asanapereke thukuta lake la zaka zambiri, adziwe bwino chimene chimatsala m'thumba la mwini lole onse oyenera kulipidwa atalipidwa.

MMENE NDINAYAMBIRA

Ine kwathu ndi ku Neno. Ntchito ya pa msewu ndinaiyamba ndili mnyamata womanga zingwe ndi kusintha matayala, kenaka ndinapeza laisensi, ndipo ndinayendetsa malole a kampani ina ya ku Blantyre zaka 14, kupita ku Beira, ku Durban ndi ku Johannesburg. Tsiku lina ndinaona pa pepala mtengo umene mwini katundu ankalipira abwana anga pa ulendo umodzi. Nditaulinganiza ndi malipiro anga a pa mwezi, mtima unandiwawa kwambiri, ndipo usiku umenewo sindinagone. Ndinati ine ndine wogona m'tchire, ndine wodyedwa ndi udzudzu wa ku Tete, koma ndalama zili kupita kwa munthu wokhala pa mpando mu ofesi.

Mu 2019 kampani ina inali kugulitsa malole ake akale, ndipo ndinagula mutu umodzi pamodzi ndi ngolo yake. Ndalama zimene ndinasunga zinakwana theka lokha la mtengo. Theka linalo ndinakongola ku banki, ndipo chikole chake chinali nyumba yathu ya ku Chirimba, imene ine ndi mayi a kunyumba tinamanga pang'onopang'ono zaka 8.

Ulendo woyamba ndinatsika ndi tiyi wa ku Thyolo, pobwera ndinasenza katundu wa m'sitolo. Ndalama zitalowa mutu unazungulira, pakuti chibadwire sindinaonepo zambiri chotero pa dzina langa. Ndinagula wailesi yakanema yaikulu, ndinagulira apongozi malata, ndinapereka mbuzi pa ukwati wa mwana wa mnansi. Anthu anayamba kunditcha bwana. Patapita milungu itatu katundu wina anapezeka, koma ine ndinalibe ndalama yogulira dizilo, ndipo ndinapita kwa munthu wa katapila kuti lole inyamuke. Pamenepo mayi a kunyumba anagula kope ku sitolo, nandiuza kuti: "Bambo, nyumba mwaikiza ku bankiyi ndi yogonamo ana. Kuyambira lero tambala iliyonse yolowa ndi yotuluka tizilemba umu." Makope amene ndinaonetsa mphwanga anayamba motero.

NDALAMA YA KATUNDU ILI NDI ENI AKE AMBIRI

Kope linandiphunzitsa kuti ndalama imene mwini katundu amalipira imangodutsa m'manja mwa mwini lole, kupita kwa eni ake. Kuti mphwanga amvetse, ndinamugawira msewu umene tonse tiudziwa. Kuchokera ku Johannesburg kufika ku Blantyre, kudzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, pali makilomita pafupifupi 1,700. Tiyerekeze kuti ndalama zonse zimene lole yanga inapeza m'chaka chabwino ndizo msewu umenewo, ndipo tione kuti pa chigawo chilichonse ndimayendetsera yani. Awa ndi manambala a m'kope langa. A mnzanga angasiyane, monga mwa ukalamba wa lole yake ndi kukula kwa ngongole yake.

Kuchoka ku Johannesburg, kudutsa Polokwane ndi Musina, kuoloka Limpopo, kufikira ku Rutenga m'dziko la Zimbabwe, ndimakhala ndili kuyendetsera dizilo. Pa K100 iliyonse, K40 imathera m'thanki. Lole yaikulu yodzaza katundu imayenda makilomita awiri okha pa lita imodzi, ndipo ikakhala yokalamba, kapena pokwera mapiri, sifikako n'komwe. Chotero ulendo wopita wokha ufuna malita 850, kupita ndi kubwera malita 1,700. Munthu amene anazolowera kuthira malita 20 m'kagalimoto kake ayambe waiganizira nambala imeneyi. Wothamangitsa lole amawotcha dizilo wochuluka, ndipo wogona pa malo opanda mlonda amadzuka thanki itapepuka.

Kuchoka ku Rutenga, kudutsa Masvingo, kufika ku Mvuma, ndimayendetsera zipata ndi misewu ya eni. Pa njira imeneyi pali malire atatu, ndiwo Beitbridge, Nyamapanda ndi Zobue, ndipo pa malire alionse pali maofesi a maiko awiri. Paliponse pali cholipira: msonkho wa msewu wa lole yachilendo, ejenti wokonza mapepala a katundu, malo ogoneka lole, ndi zipata zolipiritsa za m'misewu. Pamene anatsegula chipata chatsopano cha malole pa Beitbridge mu 2021, lole yaikulu inayamba kulipira madola pafupifupi 200 pongodutsa. Ku Tete, pa mlatho wa Kassuende umene unatsegulidwa mu 2014, palinso cholipira. Kwathu nako, amene apitirira ku Lilongwe amalipira pa Chingeni ndi pa Kalinyeke. Khadi lachikasu la COMESA limakhala inshuwalansi yathu ku Zimbabwe, koma Mozambique sali m'bungwe limenelo, kotero ya kumeneko timagula payokha. Zambiri mwa izi zimafuna madola kapena marandi. Zonse pamodzi zimadya K15.

Kuchoka ku Mvuma, kudutsa Chivhu ndi Harare, kufika ku Murewa, ndimayendetsera matayala ndi amakaniko, K15 inanso. Mutu uli ndi matayala 10, ngolo ili ndi 12, onse pamodzi 22, ndipo onsewo ndi ochokera kunja. Tayala limatha ngakhale uyendetse mosamala bwanji, ndipo likaphulika pa dzenje limatha tsiku lomwelo. Onjezani oyilo, mabuleki, mabatire, lona ndi malamba omangira katundu. Mwezi umene lole sinafe, ndalama imeneyi imaoneka ngati yako, koma mwini wake alipo, ndipo adzabwera kudzaitenga.

Kuchoka ku Murewa, kudutsa Mutoko, kuoloka pa Nyamapanda, kupitirira Changara, ndinkayendetsera banki, K15. Ngongole ya kwathu ndi yolemera. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo wokongola wamng'ono ngati ife amalipira choposa pamenepo. Banki sifunsa ngati lole inayenda mwezi umenewo kapena inali pa galaja.

Kuchoka pamenepo, kuoloka Zambezi ku Tete, kudutsa Moatize, kukwera mapiri kufika pa Zobue, ndimayendetsera mkhalapakati amene anandipezera katundu, inshuwalansi ya lole ndi ya katundu, malaisensi, msonkho wa boma umene mwini katundu amadula asanandilipire, foni, ndi kamba wa pa njira. Izi ndi K9 kapena K10.

Tsono werengani. Chatsala ndi K5 kapena K6 pa K100, ndiko kuti kamsewu kochokera pa Mwanza, kudzera pa Zalewa, kufika ku Blantyre. Kachigawo kameneko ndiko kanga. Malipiro anga monga dalaivala, phindu langa monga mwini, fizi ya ana ndi ufa wa pa nyumba, zonse ziyenera kutuluka m'menemo. Mphwanga anayang'ana kopelo nthawi yaitali, nati, "Amalume, ndiye kuti mumayamba kudzigwirira ntchito mutafika kale kwanu?" Ndinati, "Eya, mphwanga, ndipo chimenecho ndi chaka chabwino."

LOLE IMADYA NGAKHALE ITAIMA

Anthu ambiri powerengera phindu la lole amatenga mtengo wa ulendo umodzi ndi kuuchulukitsa katatu kapena kanayi pa mwezi. Pa pepala n'zotheka, pakuti makilomita 1,700 munthu angathe kuwayenda masiku atatu kapena anayi. Koma masiku ambiri a mwini lole amathera poima. Umadikira kuti akupakire katundu, umadikira mapepala pa Beitbridge, umadikira pa Nyamapanda chifukwa makompyuta afa, umadikira pa Mwanza kuti mwini katundu alipire msonkho wake, ukafika umadikira kuti akutsitse, ndipo pambuyo pake umadikira katundu wobwerera naye. Ine ndikapita ndi kubwera kawiri pa mwezi ndimati zandiyendera. Chaka changa chabwino koposa ndinayenda maulendo 21. Mu 2020, chaka cha Covid-19, pamene tinkayezedwa pa malire ndipo mzere wa pa Beitbridge unkatalika makilomita ambiri, ndinayenda 12 okha.

Ngongole, inshuwalansi ndi laisensi zimawerenga masiku, siziwerenga makilomita. Chifukwa chake maulendo oyamba a chaka amangolipira zimenezi, ndipo phindu limabwera ndi maulendo otsiriza. Ukataya maulendo atatu kapena anayi, wataya kachigawo konse ka Mwanza kaja. Ndipo zina zoimitsa lole sizili m'manja mwa munthu. Namondwe wa Idai anaononga Beira ndi msewu wake mu Malichi 2019. Freddy anakokolola misewu ndi milatho kummwera kwa Malawi mu Malichi 2023. Kumapeto kwa 2024 zipolowe zotsatira chisankho ku Mozambique zinatsekereza malole masiku ambiri. Mu 2022 ndi mu 2024 tinagona pa mizere ya dizilo kwathu komwe. Ku South Africa malole anatenthedwa pa msewu wa N3 wopita ku Durban mu 2019 ndiponso mu Julayi 2023, ndipo nthawi zotere munthu wanzeru amaimika lole ndi kudikira. Dalaivala wa kampani akaima, malipiro ake a pa mwezi amayendabe. Mwini lole akaima, amadya mpamba.

KUTSIKA WOPANDA KANTHU

Chinthu china chimene munthu wa kunja kwa ntchitoyi saona n'chakuti dziko lathu limagula zambiri kunja kuposa zimene limagulitsa. Chotero katundu wokwera kubwera ku Malawi ndi wambiri ndipo amalipira bwinoko, koma wotsika ndi wochepa, ndipo malole omulimbirana ndi ochuluka. Fodya ali ndi nyengo yake, nandolo ndi soya zili ndi nyengo yake. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje alipo, shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa alipo, koma katundu wotere kawirikawiri amapita kwa makampani akulu okhala ndi malole ambiri ndi mapangano olembedwa. Munthu wa lole imodzi amalandira zotsala, kudzera mwa mkhalapakati, nthawi zina awiri kapena atatu otsatizana, aliyense atadulapo yake.

Lole yotsika yopanda kanthu imamwabe dizilo, imalipirabe zipata zonse, ndipo matayala amathabe. Tsono mtengo umene mphwanga anamva, wa ulendo umodzi wokwera, kawirikawiri uyenera kulipira njira ziwiri. Ndiponso munthu asayese kubweza zimenezi posenzetsa lole mopitirira muyeso. Ngolo ngati yanga imalekezera pafupi ndi matani 30, ndiwo matumba 600 a feteleza a makilogalamu 50, ndipo sikelo zili pa Mwanza, pa Balaka ndi m'maiko onse a m'njira. Ine ndinaonjezerapo kamodzi matumba 60 chifukwa cha mawu okoma a mkhalapakati. Chindapusa, pamodzi ndi ndalama yolipira lole ina yodzatenga matumba oonjezerawo, zinameza phindu la maulendo awiri.

Apa m'pamene ndinamvetsa za abwana anga akale, amene ndinkawachitira nsanje. Kampani ya malole 50 imagula dizilo ndi matayala pa mtengo wotsika chifukwa imagula zambiri, ili ndi galaja yake ndi amakaniko ake, ili ndi munthu wofuna katundu pamene dalaivala ali pa msewu, ndipo lole imodzi ikafa, 49 zotsalazo zimalipira ngongole. Pa lole iliyonse amapeza pang'ono, koma malole ndi ambiri. Ine ndinaona ndalama yolowa yokha pa pepala lija. Mapepala a zotuluka sindinawaone.

FODYA WAKO NDI AMENE ALI PAMPHUNO

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Pa ntchito ya lole mawu awa ndi oona ndithu. Dizilo ndi zipata zimafuna ndalama lero, koma mwini katundu amalipira patapita masiku 30 chiperekereni pepala losainidwa lotsimikiza kuti katundu wafika, ndipo ambiri amafikitsa masiku 60 kapena 90. Ena amapereka theka poyamba kuti ugule dizilo, theka linalo ulilondole mpaka nsapato kutha. M'kope langa muli anthu atatu amene sanandilipire kufikira lero. Mmodzi anatseka ofesi ndi kusintha nambala ya foni.

Kuchedwa kumeneku kumapweteka koposa kwacha ikagwa. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imene inali K1,180 ku banki inafika K1,700. Mwezi womwewo dizilo anakwera kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita, ndiko kuti K814,000 yoonjezera pa malita 1,000 alionse. Ine ndinali ndi maulendo atatu osalipidwa amene ndinanyamula pa mtengo wa kwacha mu Seputembala ndi Okutobala. Pamene ndalamazo zinafika, K1,180,000 iliyonse imene ikanagula madola 1,000 inagula madola osakwana 700. Ndinagwira ntchito miyezi iwiri ndi kulipirapo ndekha. Ndiponso madola ankavuta kupeza ku banki, ndipo amene ankawagula kumbali ankalipira mtengo wokwera kwambiri. Kuyambira pamenepo sindinyamula katundu wa munthu wosamudziwa asanapereke ndalama ya dizilo ndi ya zipata.

MMENE NDINATSALA PANG'ONO KUTAYA NYUMBA

Vuto langa lalikulu koposa linadza mu Okutobala 2021. Giyabokosi inafa pakati pa Changara ndi Tete, ndili ndi matani 28 a katundu wa eni. Amene anadutsako mwezi umenewo adziwa kutentha kwa dera lija. Ndinalipira wondikoka kufika ku Tete, ndinalipira alonda oyang'anira katundu usiku, ndinalipira mwini mutu wina kuti akafikitse ngolo ku Blantyre pakuti mwini katundu anali kuopseza, ndipo giyabokosi ina yogwirapo kale ndinaitanitsa ku Johannesburg ndi marandi. Lole inakhala yosayenda milungu 7. Ndinalumpha miyezi iwiri osalipira banki, ndipo kalata yonena za chikole inafika kunyumba.

Chimene chinatipulumutsa ndi ichi. Chiyambire kope lija, mayi a kunyumba ankachotsa gawo pa ulendo uliwonse ndi kuliika pa akaunti ina, imene ankaitcha chipatala cha lole. Ine ndinkadandaula nazo kwambiri, pakuti ndinkafuna kugula kagalimoto koyendera Lamulungu. Ndalama imeneyo ndi imene inagula giyabokosi. Ya banki tinaipeza pogulitsa ng'ombe ziwiri za ku Neno ndi wailesi yakanema ija. Mnzanga wina amene tinagula malole mwezi umodzi, injini yake itafa chaka chomwecho, analibe chosunga. Lole yake ili pa miyala kuseri kwa galaja ina ku Limbe kufikira lero, ndipo iye anabwerera kukayendetsa ya kampani, ali kulipirabe ngongole ya lole imene siyenda.

TSONO ZOTSALA NDI ZINGATI?

Ndikaphatikiza zaka zonse kuyambira 2019 kufikira pamene ndinatsiriza ngongole kumapeto kwa 2024, ndi kugawa ndi miyezi yake, zimene ndinapita nazo kunyumba mwezi uliwonse zinali pafupifupi zofanana ndi malipiro ndi alawansi za dalaivala wabwino wa kampani woyenda njira yomweyi. Zaka ziwiri ndinamuposa, zaka ziwiri tinafanana, koma chaka cha Covid-19 ndi cha giyabokosi iye anandiposa kutali. Ndipo iye anali ndi tchuthi, anali ndi penshoni, ndiponso usiku ankagona tulo.

Chimene ndinapindula choposa iye ndi lole yeniyeniyo, imene tsopano ndi yanga yopanda ngongole. Koma apanso munthu asadzinyenge. K15 ya banki ija sinasanduke yanga yonse, pakuti lole yakalamba. Amakaniko ali kudya zambiri kuposa kale, ndipo tsiku lidzafika losafuna kukonzanso koma kugula ina. Mtengo wa lole umatsata dola, kotero ndalama yogulira ina iyenera kusungidwa kuyambira tsopano. Amene adya gawo limenelo ali kudya lole yake pang'onopang'ono, ndipo adzazindikira tsiku limene idzaime. Masiku ano, chaka chikakhala chabwino, ndimayamba kudzigwirira ntchito cha ku Moatize.

Palinso mtengo wina wosalembedwa m'kope. Pa chaka ndimagona kunyumba masiku osakwana 70. Mwana wanga wamkazi analemba mayeso a Fomu 4 ine ndili pa mzere pa Nyamapanda, ndipo za maliro a bambo anga aang'ono ndinamva ndili ku Polokwane. Dalaivala wa kampani akadwala malungo, kampani imatuma wina. Ine ndikadwala, lole imagona nane. Ena amati ulembe dalaivala iwe ukhale pa nyumba, koma malipiro ake adzachokera m'kachigawo komwe kaja, ndipo dizilo ndi matayala sizikhalitsa m'manja mwa munthu amene sanazigule.

Ena a inu muganiza za lole yaing'ono yonyamula chimanga, mchenga, kapena mabelo a fodya kupita ku Kanengo ndi ku Limbe. Imeneyo ilibe malire oti ioloke, ndipo mwini wake amagona kunyumba. Koma mawerengedwe ake ndi omwewa. Ntchito imachuluka nthawi yokolola, dzinja imachepa, misewu ya kumudzi imadya matayala ndi masipuling'i, ndipo malipiro ndi a kwacha pamene zipangizo zake ndi zochokera kunja.

KWA AMENE AFUNABE KUGULA

Walira mvula walira matope. Ngati mwamva zonsezi ndipo mtima ukadali pomwepo, nazi zimene ndinauza mphwanga.

Choyamba, yambani mwayendetsa lole ya eni pa njira yomweyo zaka zingapo. Mphwanga ali ndi laisensi ya galimoto zazing'ono. Sadziwa khomo la ofesi ya pa Nyamapanda, ndipo sadziwa kumva injini ikamadwala. Sukulu imeneyi ndi bwino kuiphunzira abwana ali kulipira dizilo.

Chachiwiri, pezani katundu musanagule lole. Dziwani amene adzakupatseni wokwera ndi wotsika, mtengo wake, ndi masiku amene amalipira, ndipo funsani eni malole ena ngati munthuyo amalipiradi.

Chachitatu, musathere ndalama zonse pa mtengo wa lole. Mukhale ndi yoyendetsera maulendo atatu osalandira kanthu, ndi ina yokwanira kukonza injini kapena giyabokosi. Ngati ndalama zanu zingokwana lole yokha, nthawi yanu sinakwane.

Chachinayi, pogula lole yakale pitani ndi makaniko wanu, musadalire wa wogulitsa, ndipo sankhani mtundu umene zipangizo zake zimapezeka ku Blantyre, ku Tete ndi ku Harare.

Chachisanu, dzilembeni ntchito nokha. Dziikireni malipiro a pa mwezi ngati a dalaivala, ndipo pa nyumba muzidya amenewo okha. Ndalama ya lole ikhale pa akaunti yake. Achibale adzabwera, pakuti adzamva kuti muli ndi lole. Athandizeni kuchokera pa malipiro anu.

Chotsiriza, lembani zonse, ndipo muziwerenga chaka chathunthu, chifukwa ulendo umodzi umanyenga. Za nyumba yogonamo ana, ine ndinaikiza ndipo tinapulumuka, koma sindingachitenso, ndipo mphwanga ndinamuletsa.

Dzuwa litalowa mphwanga anapempha kubwereka kope limodzi kuti akawerenge bwino kumene amagona. Ndinakana, pakuti mayi a kunyumba amafuna kuliona ndikafika, koma anajambula masamba ake ndi foni. Sabata yatha anandiimbira kuti ndalama zake wazisiya ku banki, ndipo walembetsa sukulu yophunzira kuyendetsa malole akulu. Akuti lole adzagula ndithu, koma m'tsogolo. Ine ndinamuuza kuti akapeza laisensi adzakwere nane ulendo umodzi, kupita ndi kubwera, ndipo kope la ulendo umenewo adzalemba ndi iye.

Inu nonse amene muli ndi maganizo otere, funani mwini lole amene mumamudziwa, mumupemphe akuonetseni kope lake la chaka chathunthu. Akakhala kuti alibe kope, funani wina. Tsalani bwino abale anga, tidzaonana pa msewu.